MUTU UMODZI SUSENZA DENGA: PHUNZIRO LA KU KALINGALINGA

Makolo athu anadziwa kuti mpando umaledzeretsa. Ndico cifukwa cake ngakhale Kalonga sanali kuweruza yekha. Anali ndi nduna zake, ndipo mau a Nyangu, mai wa ufumu, sanali kugwa pansi. Maiko a makono ali ndi njira ziwiri zomangira manja a wolamulira, ndipo mbiri ya Zambia itithandiza kuziyesa.

Njira yoyamba ndi ya maiko monga Britain, kumene nduna yaikulu imakhala pampando pokhapo ngati aphungu akali kuikhulupirira. Cipani cake cikacepekedwa mipando, iyenera kupempha cilolezo kwa otsutsa pa lamulo lililonse. Mu March 1979 boma lotere la James Callaghan linagwa ndi voti imodzi cabe, 311 kwa 310. Njira yaciwiri ndiyo tinatenga ife mu 1964: dziko la pulezidenti wokhala ndi zaka zake zoikika, womangidwa ndi malamulo olembedwa ndiponso makhoti.

Koma lamulo lolembedwa limasinthika ngati aphungu awiri mwa atatu alionse avomera. Mu December 1972 UNIP, pokhala ndi aphungu ocuruka, inasandutsa Zambia dziko la cipani cimodzi. Amene anamasula mfundoyo sanali oweruza ai. Mu June 1990 mtengo wa unga utakwera kowirikiza, ophunzira a pa Yunivesite ya Zambia anatuluka mumseu, ndipo anansi ao a mu Kalingalinga ndi Mtendere anawatsata. Anthu oposa 20 anataya miyoyo. Mu December caka comweco a Kenneth Kaunda anasaina lamulo lobweza zipani zambiri, ndipo pa 31 October 1991 MMD inatenga mipando 125 mwa 150.

Tinasangalala, osadziwa kuti matenda akali omwewo. Mu 1996 aphungu ocurukawo anasinthanso malamulo, natsekera a Kaunda pakhomo cifukwa makolo ao anabadwira ku Nyasaland.

Zinthu zinatembenuka mu December 2001, pamene a Levy Mwanawasa analowa ndi aphungu osankhidwa 69 okha mwa 150. Nyumba ya Malamulo inapeza mau. A Mwanawasa anafunafuna abwenzi, napatsa unduna aphungu ena otsutsa, ndipo mu 2003 anayang'anizana ndi pempho loti acotsedwe pampando. Koma mosiyana ndi Callaghan, iwo sanagwe. Anamaliza zaka zao zisanu. Pamenepo tinaona ubwino wa njira zonse ziwiri pamodzi: boma losagwedezeka, koma lokakamizidwa kumvera. Momwemonso mu October 2020 Bill 10 inafera m'Nyumba ya Malamulo, itapeza mavoti 105 pamene panafunika 111.

Tsono tinene kuti ciani? Boma la aphungu ocepa limamva msanga, koma likhoza kugwa mbeu zikali m'munda. Malamulo olembedwa amakhazikitsa dziko, koma alibe mano ngati mipando yonse ili m'dzanja limodzi. Pamene Nyumba ya Malamulo ikhala cete, otsala kulankhula ndi anthu a m'komboni, ndipo Kalingalinga anationetsa kuti mtengo wake ndi mwazi. Potero, tikamaponya voti, tisayang'ane wonyamula ndodo yekha, tiwerengenso nduna zimene zidzamuuza kuti, “Apa mwalakwa, mfumu.”