Posankha kogona ku Johannesburg, siteshoni ndiyo poyambira

Mzinda wa Johannesburg, umene Amalawi ambiri amangoutchula kuti Joni, umalandira anthu ochokera kuno kumudzi tsiku ndi tsiku. Ena amapita kukapikula katundu, ena kukaonana ndi madokotala, pomwe ena amakakhala nawo pamisonkhano kapena kukachita maphunziro. Posankha malo ogona, ambiri mwa iwo amangoyang'ana mtengo wa chipinda. Koma mzindawu ndi wotambalala kwambiri, moti chipinda chotchipa chimene chili kutali ndi sitima ndi mabasi chimatha kudyetsa mlendo ndalama zambiri za mayendedwe kuposa zomwe adapulumutsa. Choyamba kusankha ndi dera, hotela ibwere pambuyo.

Mzinda wa malikulu angapo

Johannesburg idayamba m'chaka cha 1886 pamene kudapezeka miyala ya golide. M'kupita kwa nthawi makampani ambiri adachoka pakati pa mzinda n'kukakhazikika m'madera akumpoto, ndipo msika wa masheya wa Johannesburg Stock Exchange nawo udasamukira ku Sandton m'chaka cha 2000. Lero ntchito zamalonda, zipatala ndi maofesi zidamwazikana m'madera otalikirana.

Bwalo la ndege la OR Tambo, komwe kumatera ndege zochokera ku Lilongwe ndi Blantyre, lili ku Kempton Park, makilomita opitirira 20 kum'mawa kwa mzindawu. Pretoria, komwe kuli ofesi ya kazembe wa dziko la Malawi, ili pamtunda wa makilomita opitirira 50 kumpoto. Misewu ikuluikulu ya M1 ndi N1 yolumikiza maderawa imadzaza ndi galimoto m'mawa ndi madzulo, ndipo ulendo waufupi ukhoza kutenga ola lathunthu. Wodwala amene ali ndi nthawi yoikika yoonana ndi dokotala, kapena wamalonda wothamangira basi yobwerera kumudzi, amaluza zambiri akatsekerezedwa pamsewu.

Njanji ya Gautrain

Sitima yothamanga ya Gautrain ndiyo imalumikiza madera ofunikawa mosadalira misewu. Idayamba kuyenda mu June 2010, mpikisano wa mpira wa World Cup utatsala pang'ono kuyamba, ndipo chigawo chomaliza chofika pa Park Station chidatsegulidwa mu 2012. Njanji yonse ndi yotalika pafupifupi makilomita 80 ndipo ili ndi masiteshoni 10.

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba imachokera pa Park Station, pakati pa mzinda, n'kudutsa Rosebank, Sandton, Marlboro, Midrand, Centurion ndi Pretoria mpaka ku Hatfield. Yachiwiri imachokera ku Sandton kukafika ku bwalo la ndege, ulendo wa mphindi pafupifupi 15, ndipo mtengo wake ndi wokwererapo poyerekeza ndi maulendo ena. Wokwera amalipira ndi khadi, amaligunditsa pachipata polowa ndi potuluka. Kudya ndi kumwa m'sitimamu n'koletsedwa. Sitimayi siyenda usiku wonse, choncho amene ndege yake imatera mochedwa ayenera kukonzeratu njira ina.

Sandton

Sandton ndi pamene njira ziwirizi zimakumana, ndipo ndi dera la mahotela ambiri lomwe mlendo amafikako kuchokera ku bwalo la ndege osasintha sitima. Pafupi ndi siteshoni pali malo amisonkhano a Sandton Convention Centre, sitolo za ku Sandton City ndi bwalo la Nelson Mandela Square, ndipo onsewa munthu amafikako wapansi. Derali limayenera amene wapita kumsonkhano kapena amene ali ndi zochita ku Johannesburg ndi ku Pretoria komwe. Vuto lake ndi mtengo, poti zipinda ndi chakudya cha kuno ndi zina mwa zodula kwambiri mumzindawu. Komanso dzina loti Sandton limatchulidwa pa dera lalikulu, moti nyumba ina yogona alendo ikhoza kukhala ku Sandton koma ili makilomita angapo kuchokera pa siteshoni.

Rosebank

Rosebank ili pakati pa Sandton ndi Park Station, ndipo kupita mbali iliyonse ndi siteshoni imodzi yokha, ulendo wosakwana mphindi 10. Wochokera ku bwalo la ndege amasintha sitima ku Sandton. Derali ndi laling'ono komanso loyendeka wapansi. Sitolo za Rosebank Mall ndi The Zone, malo odyera, msika wa ziboliboli ndi mahotela a mitengo yosiyanasiyana zonse zili moyandikana ndi siteshoni.

Kwa odwala ndi owadikirira, Rosebank ili ndi ubwino wina. Ili kufupi ndi Parktown, komwe kuli zipatala za Milpark, Wits Donald Gordon ndi Charlotte Maxeke. Ku Parktown kulibe siteshoni ya Gautrain, koma kuchokera ku Rosebank ndi ulendo waufupi pagalimoto. Mlendo amene zochita zake zili mbali zingapo za mzinda, ndipo safuna kusamukasamuka, nthawi zambiri amapeza kuti dera ili ndilo lapakatikati.

Park Station ndi Braamfontein

Park Station ndi malo aakulu kwambiri okwerera mumzindawu. Pano pamakumana Gautrain, sitima za Metrorail, mabasi amaulendo ataliatali, maminibasi komanso mabasi a Rea Vaya, amene adayamba kuyenda mu 2009 ndipo amafika ku Soweto. Ambiri ochokera ku Malawi pabasi, atadutsa ku Tete ndi ku Beitbridge, amatsikira pano kapena pamadepoti ena a pakati pa mzinda.

Kwa opikula katundu derali ndi lothandiza chifukwa lili kufupi ndi Fordsburg, komwe kuli Oriental Plaza, komanso ndi Crown Mines, komwe kuli misika ikuluikulu ya katundu wochokera ku China. Ku Fordsburg kulinso malo ambiri odyera chakudya cha halaal. Komabe misewu ina yozungulira siteshoniyi, makamaka mbali ya Joubert Park ndi Hillbrow, imadziwika ndi umbava, ndipo mlendo wosenza zikwama amaonekera patali. Amene asankha kugona kuno angachite bwino kuyang'ana mbali ya Braamfontein, dera la ophunzira a pa yunivesite ya Witwatersrand, ndi kupewa kuyenda wapansi kukada.

Kempton Park ndi Marlboro

Wongodutsa, amene akugona usiku umodzi kudikira ndege ina, alibe chifukwa cholowera mumzinda. Mahotela ambiri a ku Kempton Park ali ndi galimoto zotenga alendo pa bwalo la ndege. Koma kwa munthu wokhala sabata yathunthu, derali lili kutali ndi zipatala ndi misika yomwe yatchulidwayi.

Marlboro ndi chitsanzo choti si siteshoni iliyonse yosinthira sitima imene ili malo abwino ogona. Njira zonse ziwiri za Gautrain zimadutsa pano, koma pafupi pake palibe mahotela ndi malo odyera monga zilili ku Sandton ndi ku Rosebank.

Zofunsa asadalipire

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Asadatumize ndalama, mlendo afunse kuti kuchokera pa hotelayo kukafika pa siteshoni ndi mphindi zingati wapansi, ndipo aone yekha pamapu a pa intaneti, poti mawu oti "pafupi ndi siteshoni" eni malo amawagwiritsa ntchito mosiyanasiyana. Afunsenso ngati pali galimoto yotenga alendo, nthawi imene imasiya kuyenda, komanso ngati malowo ali ndi jenereta ndi thanki ya madzi, chifukwa magetsi ndi madzi nthawi zina zimavuta mumzindawu.

Ndi bwinonso kuona bwalo limene ndege ikunyamukira. Ndege zina za m'dzikomo zimagwiritsa ntchito bwalo la Lanseria, kumpoto chakumadzulo, komwe Gautrain sifikako. Chinanso, anthu a kumeneko akati "taxi" nthawi zambiri amatanthauza minibasi. Wofuna galimoto yomutenga yekha amaitanitsa pafoni kudzera pa Uber kapena Bolt.

Powerengera ndalama, mlendo aphatikize mtengo wa chipinda ndi wa maulendo onse amene adzayende tsiku lililonse, kupita ndi kubwerera, n'kuchulukitsa ndi masiku amene adzakhale. Akatero pa mahotela awiri kapena atatu a m'madera osiyana, m'pamene adzadziwe chipinda chimene chili chotchipadi.