Timakina ta Mkuwa Timene Tinkayenda M'thumba

Ana inu mumadziwa maikulosikopu a kuchipatala, aja amayezera magazi a malungo ndi makhololo a TB, oyera bwino, olumikiza kumagetsi. Makolo ake a makina amenewo anali a mkuwa wachikasu, ndipo ena ankakwana m'thumba la jekete. Khalani pansi ndikuuzeni za iwo.

Nkhani imayambira mumzinda wa Delft, ku Netherlands. Kumeneko kunali bambo wina wogulitsa nsalu, dzina lake Antonie van Leeuwenhoek, wobadwa mu 1632. Sukulu ya ukachenjede sanapiteko, ndipo Chilatini, chinenero cha anthu ophunzira masiku amenewo, sankachidziwa. Paja ogulitsa nsalu ankasunga galasi lokuza zinthu, lowerengera ulusi kuti asawaonjeze pamalonda. Mkuluyu sanalekere pa ulusi ayi.

Ankatenga timalata tiwiri ta mkuwa, totalika pafupifupi masentimita 5, n'kutiboola kabowo. Pakati pa timalatato ankaikapo kagalasi kobulungira, kochepa ngati njere ya mawere, n'kukhomerera ndi timisomali. Kumbuyo ankamangako kasingano koyendetsedwa ndi timasikuluwu. Chinthu chimene akufuna kuona ankachibaya kapena kuchimata pansonga ya kasingano kaja. Kenako ankagunditsa kamakinako kudiso, chikope chikukhudza mkuwa, nkhope italoza kuwindo kapena kukandulo, chala chikupotokola sikuluwu pang'onopang'ono mpaka chinthucho chioneke. Kupuma komwe ankayamba wakuimitsa, chifukwa dzanja likangonjenjemera zonse zinkabalalika. Inali ntchito yotopetsa maso zedi. Koma kamodzi mwa timagalasi take timene tilipo mpaka lero kamakuza chinthu koposa maulendo 250.

Mu 1674 anatunga madzi m'kanyanja kena pafupi ndi kwawo, ndipo anaonamo tamoyo tikusambira uku ndi uku. Mu 1676 ananyika tsabola m'madzi pofuna kudziwa chimene chimachititsa kuti azilula pakamwa. Za tsabolayo sanazipeze, koma m'madzimo anapezamo tizilombo tochepetsetsa timene lero timati mabakiteriya. Atalembera akuluakulu a bungwe la Royal Society ku London, iwo anakayika. Wogulitsa nsalu angaone bwanji zimene madokotala sanazione? Iye anaitana anthu odalirika, abusa a mpingo omwe, kuti adzasuzumire okha ndi kusaina umboni. Robert Hooke, mmodzi wa akuluakuluwo, atayesa yekha mu 1677 anationadi, ndipo mu 1680 bungwelo linamulandira Leeuwenhoek kukhala membala. Mu 1683 anafika pokanda litsiro m'mano mwa nkhalamba zimene sizinatsukepo mkamwa chibadwire, n'kupezamo tizilombo tochuluka tikuyenda. Mbiri yake inafika patali, moti mu 1698 mfumu ya ku Russia, Peter the Great, inaima ku Delft kuti ione magazi akuyenda m'mchira wa nsomba ya mkunga. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Musaganize kuti makina aakulu kunalibe. Analipo, a magalasi awiri kapena atatu, okutidwa ndi chikopa cholembedwa maluwa agolide, oyenera pabalaza pa munthu wolemera. Hooke mwiniyo anagwiritsa ntchito otere polemba buku lake la Micrographia la mu 1665, mmene anajambula nthata yodzaza pepala lalikulu. Vuto linali lakuti magalasi a nthawi imeneyo ukawasanjikiza, zolakwika zake zinkasanjikizananso. Chinthu chinkaoneka chachikulu koma chambuu, m'mphepete mwake muli mitundu ya utawaleza. Kagalasi kamodzi kokhakokha kankaonetsa bwino kuposa pamenepo. Kwa zaka zoposa 150, amene ankafunadi kuona zinthu ankadalira timakina tating'ono, ndipo aakulu aja kawirikawiri ankangosangalatsa alendo.

Amisiri a ku London ndiwo anasandutsa timakinati kukhala katundu wa m'sitolo. Mu 1702 James Wilson anatulutsa kooneka ngati kampope kamazinga, kokhala ndi chogwirira. Cha m'ma 1750 John Cuff anapangira mkulu wina, John Ellis, koonera zamoyo za m'madzi, ndipo m'ma 1820 sitolo ya William Cary inkagulitsa kamene anakonza Charles Gould, kotchipa, kamene anthu ambiri anakakonda. Kameneka unkakamasula zidutswazidutswa n'kukagoneka m'kabokosi ka thabwa la mahogany. Ukafika kudambo kapena kumunda, unkatulutsa kamtengo kake ka mkuwa, n'kukamangirira pa kabokosi komweko, basi kabokosi kasanduka tsinde.

Ine chimene chimandikoka mtima ndi m'kati mwa kabokosimo. Kachipangizo kalikonse kanali ndi kachipinda kake, koyalidwa nsalu yofewa. Munali timagalasi tingapo tolembedwa manambala, tosinthanitsa malinga ndi kukula kumene ukufuna. Munali kakalilole kozungulira kokhala pansi, kolozera kuwala kwa dzuwa m'mwamba, popeza magetsi kunalibe. Munali kopanira ka mkuwa kokhala kunsonga ya kandodo, kogwirira phiko la ntchentche kapena mwendo wa nsabwe, ndipo kandodoko unkakatembenuza kuti uone mbali zonse. Munali timbale tiwiri tagalasi totsekerana, totsekeramo kachilombo kamoyo kapena dontho la madzi a pachithaphwi, kuti kaziyenda koma kasathawe ndiponso kasaphwanyike. Munalinso kachikho kasiliva konyezimira kovekera mozungulira galasi, kamene kankabweza kuwala pa zinthu zimene kuwala sikungadutse, monga njere kapena kachikumbu. Kameneka kanatenga dzina la dokotala wa ku Germany, Lieberkühn. M'mabokosi okulirapo munkakhala kachidutswa ka mkuwa kopindika, komangirirapo kansomba kamoyo ndi kansalu, mchira wake utatambasuka pagalasi, kuti banja lonse lisinthane kuona magazi akuthamanga m'timitsempha. Kansombako sankakafunsa.

Ndiye panali timipiringidzo toonda toyera, tokhala ndi mabowo ozungulira anayi kapena kuposa. M'bowo lililonse ankaikamo tizidutswa tiwiri ta mwala wosendeka woonekera wotchedwa mica, chinthu choonedwacho chili pakati, n'kutsekera ndi kamphete ka waya wa mkuwa. Wogula ankapeza ogulitsa ataikamo kale nthata, tsitsi, mamba a nsomba ndi kachidutswa ka nthenga, kuti tsiku loyamba lomwelo akhale ndi choona. Timipiringidzoti ankatisema ndi fupa kapena mnyanga wa njovu. Pamenepo mtima umandiwawa pang'ono, chifukwa minyanga yambiri yopita ku Ulaya inkachoka kuno ku Africa, ndipo m'zaka za m'ma 1800 njira zimene inkadzera popita kugombe la nyanja yamchere ndi zomwenso ankadutsitsamo akapolo.

Timakina tonyozekati tinagwira ntchito zazikulu. Robert Brown wa ku Scotland, katswiri wa zomera, mu 1827 ankayang'ana mungu wa maluwa m'madzi ndi kagalasi kamodzi, n'kuona tizidutswa tikunjenjemera tosaima. Poyamba ankayesa kuti n'tamoyo, koma fumbi la miyala linachitanso chimodzimodzi. Chifukwa chake chinadzafotokozedwa ndi Albert Einstein mu 1905. Brown yemweyo ndiye analangiza mnyamata wina, Charles Darwin, za kamakina koyenera kunyamula pa sitima ya Beagle imene inanyamuka mu 1831. Darwin anatenga kopangidwa ndi Bancks wa ku London, ka galasi limodzi, ndipo anayenda nako zaka pafupifupi 5 kuzungulira dziko.

Ufumu wa timakinati unayamba kutha mu 1830, pamene Joseph Jackson Lister, wamalonda a vinyo ku London, anasonyeza kasanjidwe ka magalasi kothetsa mbuu uja. Kuyambira pamenepo makina aakulu anayamba kuona bwino. Magalasi aatali ophwatalala oikapo zinthu analowa m'malo mwa minyanga, ndipo pofika 1880 Alphonse Laveran anaona kachilombo ka malungo m'magazi a munthu ku Algeria. Mu 1882 Robert Koch anaona ka TB. Kuno kwathu, David Bruce ndi mkazi wake Mary anakhala ku Nyasaland kuyambira 1911 mpaka 1914 akufufuza matenda a kaodzera, ndipo ntchito yaikulu ya pa maikulosikopu ankaigwira ndi mayiwo.

Timakina ta m'thumba tinatsala ta ana asukulu ndi okonda maluwa, kenako ta anthu osunga zamakedzana. Masiku ano kabokosi kokwanira zonse n'kosowa, poti choyamba kutayika chinali kopanira ndi timphete tija. Ngakhale a Royal Society sanasamale: Leeuwenhoek atamwalira mu 1723, mwana wake Maria anawatumizira timakina 26 tasiliva timene bambo ake anawasiyira, koma m'zaka za m'ma 1800 tonse tinasowa. Mwa timakina mazanamazana timene mkuluyu anapanga, totsala ndi pafupifupi 10. Inu amene muli ku Ulaya, mukadzafika ku Leiden kaloweni mu Museum Boerhaave mukaone tina mwa ito, ndipo ka Darwin kaja mukakapeza kunyumba kwake, ku Down House m'chigawo cha Kent.