Marikana: Choonadi Chimene Chinachita Kufukulidwa

Pa 16 Ogasiti 2012, apolisi a ku South Africa anapha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi wa pulatinamu ku Marikana, kum'mawa kwa mzinda wa Rustenburg. Anthuwa anali atanyanyala ntchito kwa sabata yathunthu, namasonkhana pa kaphiri ka miyala pafupi ndi zisakasa za Nkaneng, pofuna kuti kampani ya Lonmin iziwalipira R12,500 pamwezi. Kampaniyi si mlendo kwa Amalawi: kufikira 1999 inkatchedwa Lonrho, yomwe ija inatsegula minda ya nzimbe ku Nchalo.

M'mawa mwake mkulu wa apolisi, Riah Phiyega, anauza dziko kuti apolisi ake anangodziteteza. Ambiri anaimeza nkhaniyi mosavuta, pakuti makamera a atolankhani anali atajambula gulu la anthu a mikondo ndi zikwanje likuyandikira mzere wa apolisi pafupi ndi khola la ng'ombe. Oimira boma pamilandu anafika mpaka potsegulira mlandu wakupha ogwira ntchito 270 amene anagwidwa, ngati kuti ndiwo anawombera anzawo. Mlanduwo unachotsedwa anthu atadandaula kwambiri.

Koma pakholapo panagwa anthu 17 okha. Enawo 17 anaphedwera pa kaphiri kena, komwe anathawira, kutali ndi makamera. Mtolankhani Greg Marinovich atayendera malowo anaona kuti ena anafera m'mipata yopanikiza ya miyala, momwe munthu sakanatha kuthamangira wapolisi. Pamaso pa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Ian Farlam panaonetsedwa zithunzi ziwiriziwiri za mitembo imodzimodzi: zojambulidwa kukuwala, pambali popanda chida, ndi zojambulidwa kutada, zida zili pambali. Mu 2013 maloya a bungweli anapeza m'kompyuta ya wapolisi wina zikalata zimene apolisi anabisa. Zinadziwikanso kuti akuluakulu a polisi anagamuliratu usiku wa pa 15 Ogasiti kuti gululo lilandidwe zida mawa lake, ndipo m'mawa wa tsikulo anaitanitsa galimoto zinayi zonyamula mitembo. Wongodziteteza sayamba n'kukonzekera maliro.

Amene anali ndi kanthu kosafuna kukayang'ana sanali apolisi okha. Lonmin inali italonjeza kumangira antchito ake nyumba 5,500, inamanga zitatu. Cyril Ramaphosa, yemwe anali mlembi wamkulu woyamba wa bungwe la antchito a m'migodi la NUM mu 1982, tsopano anali mmodzi wa oyang'anira Lonmin, ndipo pa 15 Ogasiti analemba makalata opempha kuti boma lichitepo kanthu. Bungwe la Farlam silinamupeze wolakwa, koma mu 2017 anapepesa chifukwa cha mawu amene anagwiritsa ntchito. Ndipo okonda onyanyalawo ali ndi chowawa chawo: masiku a m'mbuyomo kunafa anthu 10, kuphatikizapo apolisi awiri ndi alonda awiri a mgodi, ndipo ena mwa iwo anaphedwa ndi onyanyala ntchito.

Chovuta koposa kuvomera chinali chakuti zimene dziko linkati zinatha ndi boma la tsankho, monga za ku Sharpeville mu 1960, zinachitika muulamuliro wa ANC. Jacob Zuma anatulutsa lipoti la Farlam pa 25 Juni 2015, ndipo Phiyega anaimitsidwa ntchito mu Okutobala chaka chomwecho. Lonmin inagulidwa ndi Sibanye-Stillwater mu 2019. Pofika 2022, patatha zaka khumi, panalibe wapolisi ndi mmodzi yemwe amene khoti linamupeza wolakwa pa imfa za anthu 34 aja.