Hita pulagi ndi zotenthetsera injini

Hita pulagi ndi kachitsulo kamagetsi kamene kamatenthetsa mkati mwa injini ya dizilo isanalizidwe. Dizilo sayaka ndi sipaki ngati petulo. Amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, ndiye chitsulo chikazizira, moto umavuta kugwira. Dalaivala akatembenuza kiyi, kachitsuloka kamafiira m'masekondi ochepa, kutentha kwake kufika pafupifupi madigiri 1,000.

Ku Chongwe, kum'mawa kwa Lusaka pamsewu wa Great East, ntchito ya hita pulagi imaoneka mu Juni ndi Julayi, pamene m'mamawa kumazizira kutsika pansi pa madigiri 10. Mathirakitala a m'mafamu, ma Canter onyamula ndiwo zamasamba ndi maminibasi a dizilo amene mapulagi awo anapsa amalira movutikira, akulavula utsi woyera. Utsiwo ndi dizilo wosapsa, ndalama zongouluka m'mwamba.

Galimoto za petulo nazo sizipulumuka ku kuzizira. Katalitiki konveta, chosefa utsi cha ku ekizosi, imayamba kugwira ntchito bwino ikafika madigiri 250 mpaka 300, choncho utsi woipa kwambiri umatuluka m'mphindi zoyambirira. Kuliza injini galimoto ili chiimire, monga ambiri amachitira, kumangochedwetsa kutenthako. Kuyendetsa pang'onopang'ono ndiye kwabwino.

Ku Canada ndi Finland, kumene kumazizira kwambiri, amalumikiza galimoto ku magetsi a panyumba kuti madzi a mu injini afunde. Andrew Freeman wa ku North Dakota analandira chiphaso cha umwini wa chotenthetsera chotere mu 1949. Ku Chongwe chisanu sichifika pamenepo: mapulagi amoyo ndi batire lamphamvu n'zokwanira.