Tanthauzo la "regyuleta"

Amakanika a m'magalaja a pa Kasungu boma, m'mbali mwa msewu wa M1, akati "regyuleta", eni galimoto ambiri amamva ngati chochepetsa mafuta. Tanthauzo lake lenileni ndi chosunga muyezo. Mu injini ya petulo yokhala ndi turbo, kachipangizoka kamasunga kusiyana kwa presha ya mafuta ndi ya mpweya: turbo ikakankha mpweya ndi bar 1, mafuta omwe anali pa bar 3 ayenera kukwera kufika pa 4. Wina angati pampu yamphamvu ndi yokwanira. Ayi ndithu, pampu imangokankha, siimayeza, ndipo mafuta akaperewera injini imatentha mpaka kuwononga mapisitoni. Mukazula kapaipi ka mpweya ka regyuleta n'kupeza kanyowa ndi petulo, dziwani kuti kachikopa kam'kati kang'ambika.