Mbiri ya sulufule m'mafuta a ndege

Ndege ya Gloster E.28/39 itauluka ku Britain mu 1941 ndi injini ya Frank Whittle, inkamwa palafini wosasiyana kwenikweni ndi wa m'nyale. Mafuta otere amakumbidwa ali kale ndi sulufule, ndipo mbiri yawo ikuonetsa kuti mtundu wa sulufuleyo ndi umene uli ndi kanthu kuposa kuchuluka kwake. Mtundu wina wodziwika ukali ndi mercaptan, wonunkha kwambiri, amene amadya mkuwa n'kufooketsa labala. Hydrogen sulfide nayo inkadetsa siliva wa m'mapampu a mafuta. N'chifukwa chake mpaka lero oyeza mafuta amapukuta kachidutswa ka mkuwa mpaka kuti mbee, n'kukaviika m'mafutawo maola 2 pa 100°C. Kakatuluka kothimbirira, mafutawo sakwera ndege.

Mu 1958 kampani ya UOP inabweretsa njira ya Merox, imene sichotsa sulufule koma imasandutsa mercaptan kukhala disulfide, wofatsirapo pa zitsulo. Malamulo a mafuta a ndege a Jet A-1 amatsatira nzeru yomweyi: sulufule yense amaloledwa kufika 0.30 peresenti, pamene mercaptan sayenera kupitirira 0.003. Komabe disulfide sanathetse zonse. Ndege zamakono zimaziziritsa oyilo wa injini ndi mafuta omwewo, ndipo akatentha, mitundu ina ya sulufule imathandiza kupanga zotsalira zonga phula zimene zimatseka timabowo topopera mafuta. Apa m'pamene panachokera muyeso wa JFTOT, wodutsitsa mafuta pa kapaipi kotentha 260°C.

Wina angafunse kuti bwanji osangomuchotsa yense, monga anachitira ku Europe ndi dizilo mu 2009 pomutsitsa kufika pa magawo 10 pa miliyoni. Funsoli n'lomveka, pakuti sulufule amaipitsa mpweya, ndipo akakumana ndi mchere wa m'nyanja amadya zitsulo zotentha za mu injini. Koma m'ma 1960 mafuta oyeretsedwa kwambiri ndi haidrojeni anayamba kuperesa mapampu, chifukwa kuyeretsako kumachotsanso tinthu timene timapatsa mafuta kuterera. Mafuta omwewo ankapanga ma peroxide owononga labala, amene sulufule wina akanawaphwanya. Kumuchotsa n'kotheka, ndipo n'koyenera, malinga ngati ntchito imene iye ndi tinthu tija timagwira ibwezeretsedwa ndi mankhwala othira. Phunziroli linathandiza pofika nthawi ya mafuta opangidwa ndi anthu, amene alibe sulufule kwenikweni: kampani ya Sasol inayamba kugulitsa osakaniza ndi achilengedwe ku Johannesburg mu 1999, ndipo lamulo la ASTM D7566 la 2009 linawalola kufika theka lokha la mafuta onse.