Kuchoka ku Joni kupita kunyanja pa njinga: chisanu ndi misasa ya joBerg2c

Chisanu cha ku Joni sichachilendo m'makutu a Amalawi. Agogo athu amene anapita kumigodi kudzera ku Wenela anabwerako ndi nkhani zake, ndipo mbiri imawavomereza: mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba ntchito yamumigodi anthu ochokera kumayiko otentha a kumpoto, kuphatikizapo Nyasaland, chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, m'dera lokwera lotchedwa Highveld. Dzuwa likangolowa, kutentha konse kumathawa.

Patatha zaka pafupifupi 100, anthu ena anayamba kulipira ndalama zambiri kuti akagone m'matenti m'dera lomwelo. Mu 2010, Glen Haw, Gary Green ndi Craig Wapnick anayambitsa joBerg2c, ulendo wa njinga zakapalasa wa masiku 9 ndi makilomita pafupifupi 900. Unkayambira ku Heidelberg, kum'mwera chakum'mawa kwa Johannesburg, n'kukathera ku Scottburgh m'mbali mwa nyanja ya Indian. Ochepa ankapikisanadi, ambiri ankangofuna kukafika.

Anasankha kumapeto kwa Epulo, ndipo anali ndi chifukwa. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi, Highveld imakhala ya mvula yamasana, ya mabingu, mphenzi ndi matalala, yomwe imasandutsa njira zam'minda kukhala matope omata matayala. Mu Juni ndi Julayi mvula kulibe, koma m'mawa udzu umayera ndi chisanu. Epulo ali pakati. Komabe pakatipo sipodalirika: mvula yochedwa imatha kugwa, ndipo usiku wa ku Free State, kumene kunali misasa ya ku Frankfort, Reitz ndi kudamu la Sterkfontein, umazizira kale kwambiri. Wopalasa ankadzuka kusanache, tenti itanyowa ndi mame, n'kuvala zovala zingapo zimene pofika masana ankasowa poziika.

Kwa ine, mbali yofunika kuikumbukira ndi misasayo. Ulendo wina wotchuka, Tour d'Afrique, umene unayamba mu 2003 kuchoka ku Cairo kupita ku Cape Town kudzera ku Chitimba, Mzuzu ndi Lilongwe, wopalasa aliyense amadzimangira yekha tenti akafika, kaya watopa bwanji, kaya kukugwa mvula. Pa joBerg2c sizinali choncho. Munthu ankapeza matenti ataimikidwa kale m'mizere, chikwama chake chitabwera pa lole, chakudya chili pamoto. Ntchitoyi inkagwiridwa ndi sukulu, mipingo ndi magulu a alimi a m'matauni ang'onoang'ono a m'njiramo, ndipo ndalama zimene ankalandira zinkathandiza mabungwe awo. Haw anali atayesa kale njira imeneyi pa sani2c, ulendo wake wa masiku atatu. Ndiye kuti mphepo ikagwetsa matenti kapena mvula ikadzaza bwalo, oyamba kuvutika anali makolo ndi aphunzitsi amene anagwira ntchito usiku, osati opalasa okha. Nkhani za mpikisano sizikamba zambiri za iwo.

Kuchoka ku Sterkfontein njira inkatsika mapiri a Drakensberg kulowa m'chigawo cha KwaZulu-Natal, n'kudutsa pafupi ndi phiri la Spioenkop, pamene Mabunu ndi Angerezi anamenyana mu Januwale 1900. Kumunsiko kumafunda, koma kwa kanthawi chabe, pakuti njira inkakweranso kulowera ku Underberg, m'munsi mwa mapiri a m'malire a Lesotho, kumene chisanu chimafika msanga. Masiku atatu omaliza ankatsata njira ya sani2c: kutsikira m'chigwa chotentha cha mtsinje wa Umkomaas, kudutsa m'minda ya nzimbe, mpaka pamchenga wa ku Scottburgh, pamene jekete limene linapulumutsa munthu ku Reitz linali litasanduka katundu wolemetsa chikwama.